Zolemba za ntchito yolondoloza makina oyezera shuga m'zipatala za ku Zomba

Lolemba, 16 Seputembala

Ntchito yayamba ndi kusonkhanitsa makina onse oyezera shuga: a m'mawodi, a ku OPD, a ku kiliniki ya shuga ndi BP, komanso a m'zipatala zing'onozing'ono za m'gawo lathu. Tagwirizana kuti pofika Disembala aliyense wobaya chala cha wodwala azidziwa kuti makina ali m'manja mwakewo anayesedwa liti, anawayesa ndani, ndipo anapambana kapena ayi.

Patebulo panadzaza makina amitundumitundu. Ena anabwera ndi oda ya mankhwala, ena ndi mphatso za mabungwe, ena anasiyidwa ndi alendo odzaphunzira omwe anabwerera kwawo kalekale. Mtundu uliwonse uli ndi masitiripi akeake, timapepala tomwa dontho la magazi, ndipo sitiripi ya mtundu wina siigwira m'makina ena ngakhale italowa pakabowo. M'madirowa tapezamo makina opanda masitiripi ndi masitiripi opanda makina. Onse tawapatsa manambala, Z1, Z2 mpaka omaliza, olembedwa pa tepi kumsana. Anamwino anawatcha kale mayina awoawo: kabuluu, koyera, ndi kachipu, komwe kamafuna ulowetse kachipu ka khodi nthawi iliyonse watsegula bokosi latsopano la masitiripi. Ukasiya kachipu ka bokosi lakale, makina amawerengabe, koma nambala yake imakhala yopotoka.

Chomwe chatidetsa nkhawa kwambiri lero ndi miyezo. Makina ena amawerenga mu mmol/L, ena mu mg/dL, ndipo pali wodi ina momwe muli mitundu yonse iwiri. 1 mmol/L ndi 18 mg/dL, choncho 7.0 ndi 126, ndipo 11.1 ndi 200. Manambala akuluakulu ngati 200 sasokoneza munthu. Ovuta ndi apakatiwa. Makina akalemba 27, wozolowera mmol/L aganiza kuti shuga wakwera koopsa, maganizo n'kuthamangira ku insulin. Koma ngati makinawo ndi a mg/dL, 27 ndi 1.5 mmol/L, ndipo wodwalayo akufunika shuga mumtsempha nthawi yomweyo. M'mafayilo ambiri tapeza nambala yalembedwa yokhayokha, yopanda muyezo. Makina onse a mg/dL tawamata tepi yofiira, ndipo tauza anthu chizindikiro chapafupi: mmol/L imakhala ndi kadontho pakati, monga 5.6, pomwe mg/dL imabwera yopanda kadontho.

Lachiwiri, 24 Seputembala

Madzi a control afika, timabotolo tiwiritiwiri: ka shuga wotsika ndi ka shuga wokwera. M'mawodi angapo anthu anali asanawaonepo. Ena ankadziwa kuti alipo koma ankayesa ndi za ku labu zokha.

Pofotokoza ndagwiritsa ntchito sikelo ya pamsika: ukafuna kudziwa ngati sikelo ikuba, umaikapo mwala wodziwika kulemera kwake. Control ndi mwala umenewo. Muli shuga wodziwika kuchuluka kwake, ndipo makina akuyenera kupereka nambala yogwera pakati pa malire awiri. Pa makina athuwa malirewo alembedwa pabotolo la masitiripi, osati pakabotolo ka control, ndipo amasintha malinga ndi loti, kutanthauza gulu la masitiripi opangidwa pamodzi kufakitale. Wina akakopera malire a botolo la mwezi watha m'kaundula n'kumawagwiritsabe ntchito, ndiye kuti akuyesa ndi mwala wolakwika.

Kachitidwe kake takalemba papepala limodzi lomata kukhoma. Khutchumulani kabotolo. Dontho loyamba litayeni, pukutani kukamwa kwa kabotolo, chifukwa pamenepo madzi amauma n'kusiya shuga wochuluka. Dontho lachiwiri liikeni pachinthu choyera chosamwa madzi, ngati pamwamba pa chivindikiro, kenako mugunditse sitiripi. Musadonthezere mwachindunji kuchokera m'kabotolo. Tsiku lotsegulira lilembedwe pakabotolopo, chifukwa control yambiri imatha mphamvu pakapita miyezi itatu chitsegulireni, ngakhale tsiku la kufakitale likhale la chaka chamawa. Ndipo control ya kampani ina siyesera makina a kampani ina.

A Sista a ku wodi ya amayi sanazengereze. "Achimwene, masitiripi akutiperewera kale pa odwala. Mukufuna tiziwononga awiri tsiku lililonse pa madzi?"

Funso limenelo ndi loona, ndipo sindinafune kuliyankha ndi mawu a m'buku. Kumene zipangizo zili zokwanira, makina a m'wodi amayesedwa pa maola 24 aliwonse, ndi control yotsika ndi yokwera yomwe. Ife tagwirizana motere: ku wodi ya ana, kwa makanda ndi ku ngozi, tsiku lililonse m'mawa. Kwina konse, kamodzi pa sabata. Koma kulikonse control ichitike botolo latsopano likatsegulidwa, makina akagwa pansi, mabatire akasinthidwa, botolo likapezeka lagona chosatseka, komanso nambala ikasemphana ndi mmene wodwala akuonekera. Maganizo anga ndi akuti botolo la masitiripi 50 owonongeka limadya ndalama zambiri kuposa masitiripi awiri a control, poti onse 50 amapereka manambala onama ndipo pa manambala amenewo timaperekapo mankhwala.

Control ikalephera, bwerezani ndi sitiripi ina. Ikalepheranso, tsegulani botolo lina la masitiripi. Ikapambana, vuto linali botolo, litayidwe. Ikalepherabe, yesani control yatsopano, ndipo zikakanikabe makinawo achoke m'wodi abwere ku labu.

Lolemba, 7 Okutobala

Dzuwa likuswa mtengo. Tinapita kumbali ya Nyanja ya Chilwa, komwe kumatentha kusiyana kwambiri ndi kuno kutsinde kwa phiri. Chipinda choyezera cha chipatala chomwe tinafikako n'chamalata opanda siling'i, ndipo choyezera kutentha chomwe tinanyamula chinafika madigiri 36 masana. Pabotolo la masitiripi palembedwa kuti asungidwe posapitirira 30. Botololo linali pawindo, poti m'pamene pamawala bwino pobaya.

Ndinaona kuti anthu sangasamale sitiripi ngati akuiona ngati kapepala wamba, ndiye ndinafotokoza zomwe zili m'kati mwake. Kunsonga kwa sitiripi kuli mankhwala ouma ogwira shuga otchedwa enzyme, a mtundu wa glucose oxidase kapena glucose dehydrogenase, pamodzi ndi timizere tachitsulo. Magazi akalowa, enzyme imagwira shuga n'kutulutsa kamphamvu kamagetsi kochepa zedi. Makina amayeza kamphamvuko n'kukasandutsa nambala. Makina saona shuga, amaona magetsi. Enzyme ikapsa ndi kutentha, kapena ikayamwa chinyezi, kamphamvuko kamasintha, koma makina sadziwa chilichonse. Amangolemba nambala yooneka bwinobwino, yokhala ndi kadontho kake. Akanakhala kuti amazima sitiripi ikawonongeka, ntchito inoyi sikanakhalapo.

M'dirowa tinapezamo kajumbo kamapiritsi kokhala ndi masitiripi angapo. A in-charge anafotokoza kuti botolo limakhala limodzi, ndiye usiku amapungulirako ena ku matenite kuti azamba asamavutike kudzagogoda. Cholinga chake n'chabwino. Tinatenga sitiripi ya m'kajumbomo n'kuyesa ndi control yokwera: nambala inagwera kunja kwa malire. Tinabwereza ndi ina ya m'kajumbo momwemo, chimodzimodzi. Tinatsegula botolo losamatula, makina omwewo, control yomweyo, nambala inagwera pakati penipeni. A in-charge anangogwira pakamwa. Botolo la masitiripi lili ndi mankhwala oyamwa chinyezi m'chivindikiro kapena m'khoma mwake, n'chifukwa chake amati tulutsa imodzi n'kutseka nthawi yomweyo. Kajumbo kalibe zimenezo.

Tagwirizana kuti matenite ipatsidwe botolo lakelake, lolembedwa tsiku lotsegulira. Mabotolo osatsegula asamukire ku famase komwe n'kozizirako, pashelefu yapansi, kutali ndi khoma lomwe limawombedwa ndi dzuwa lamadzulo. Wina anafunsa za firiji ya katemera. Ndakana: firiji imeneyo ili ndi ntchito yake, masitiripi safuna kuundana, ndipo botolo lozizira ukalitsegula m'chipinda chotentha limachita thukuta m'kati.

Lachisanu, 18 Okutobala

Sabata ino tinali kufananiza makina a m'mawodi ndi makina aakulu a ku labu. Control imangotiuza kuti makina ndi sitiripi zikugwirizana pa madzi opangidwa kufakitale. Magazi a munthu ndi nkhani ina.

Muyezo womwe tikutsamira ndi ISO 15197 ya 2013, muyezo wa padziko lonse wa kulondola kwa makina oyezera shuga. Umati pa zoyeza 100 zilizonse, 95 zikhale motere: shuga akakhala pansi pa 5.55 mmol/L, makina asasiyane ndi labu kupitirira 0.83 mmol/L. Akakhala pa 5.55 kapena kuposa apo, asasiyane kupitirira 15 peresenti. Muyezo wakale wa 2003 unkalola mpaka 20 peresenti, ndipo makina ena akale omwe tili nawo anapangidwa nthawi imeneyo. Tisaiwalenso kuti ISO imeneyi inalembedwera makina oti munthu azidziyeza yekha kunyumba, omwe ife tikugwiritsa ntchito pa odwala kayakaya.

Nditalemba manambala pabolodi, m'chipinda munati zii. Labu ikapeza 10.0, makina abwinobwino akhoza kulemba 8.5 kapena 11.5. Labu ikapeza 20, akhoza kulemba 17 kapena 23. Ndipo labu ikapeza 2.3, makina opambana mayeso onse akhoza kulemba 3.1. Dokotala wina wachinyamata anati, "Ndiye kuti wodwala akayeza 9.8 m'mawa, 10.6 madzulo, sindinganene kuti wakwera?" Eya, simunganene. Kusiyana koteroko kuli m'kati mwa kugwedera kwa makina.

Vuto lalikulu pakufananizaku silinali makina ayi, koma nthawi. Magazi akakhala m'chubu, maselo amapitiriza kudya shuga, pafupifupi 5 mpaka 7 peresenti pa ola lililonse, ndipo kukatentha kapena maselo oyera akachuluka amadya mofulumirirapo. Chubu ya chivindikiro chotuwa ili ndi fluoride woletsa zimenezi, koma fluoride sagwira nthawi yomweyo, ola loyamba shuga amatsikabe. Chubu ikakhala pa treyi kudikira kuti wonyamula amalize kuzungulira mawodi, labu ipeza nambala yotsika, ndipo tidzanamizira makina osalakwa. Tinakonza kuti chala chibayidwe ndi magazi a mumtsempha atengedwe mphindi zochepa motsatizana, chubu ithamangire ku labu, ipukusidwe pa makina olekanitsa maselo ndi madzi a magazi pasanathe mphindi 30. Tinasankhanso odwala a ku kiliniki omwe anabwera osadya, chifukwa munthu akangodya kumene, magazi a kuchala amakhala ndi shuga wochulukirapo kuposa a mumtsempha.

Pali kenanso kakang'ono. Labu imayeza plasma, madzi a magazi otsala maselo akachotsedwa, yomwe shuga wake amaposa wa magazi athunthu ndi pafupifupi 11 peresenti. Makina ambiri amakono anakonzedwa kale kuti azipereka nambala yofanana ndi ya plasma, koma pepala la m'bokosi ndi lomwe limanena. Mapepala amenewa ambiri anatayidwa pamodzi ndi makatoni. Tasunga limodzi la mtundu uliwonse m'fayilo ya ku labu.

Makina a nambala Z4 ankawerenga mokwera nthawi zonse, ngakhale ndi botolo latsopano. Pakabowo kolowetsera sitiripi panali magazi ouma. Tawachotsa m'wodi. Enawo adutsa.

Lachiwiri, 29 Okutobala

Maphunziro a kabayidwe ka chala, kwa anamwino, ophunzira ndi alangizi a zaumoyo omwe amathandiza ku OPD.

Mango ayamba kupsa, ndiye ndinagula angapo pamsika. Wophunzira wina anadzipereka. Anasamba m'manja, tinamubaya: 5.2. Kenako anasenda bango ndi zala, osadyako ngakhale pang'ono. Anapukuta chala ndi thonje la sipiriti monga amachitira onse, chinauma, tinabaya: 13.9. Anzake anaseka, ena n'kumuuza kuti akatsegule fayilo ku kiliniki Lachinayi. Anakasamba ndi sopo ndi madzi, anaumitsa, tinabayanso: 5.4. Sipiriti imapha tizilombo koma sichotsa bwino shuga wa pakhungu, ndipo dontho lomwe makina amamwa ndi laling'ono kwambiri moti kashuga kosaoneka ndi maso kamakwanira kusintha nambala. Odwala athu amadikira pamzere akudya nzimbe, nthochi, mandasi, ena akumwa thobwa. Choncho ndowa yamadzi ndi sopo ikhale pakhomo la chipinda choyezera. Pomwe madzi palibe, dontho loyamba lipukutidwe ndi thonje louma, muyeze lachiwiri.

Zina tinadutsamo mwachangu chifukwa ambiri amazidziwa, kungoti changu chimawalanda. Sipiriti iume musanabaye, apo ayi imasungunula magazi. Bayani m'mbali mwa nsonga ya chala chapakati kapena chovala mphete, osati pakatikati pomwe pamapweteka kwambiri. Musakame chala mwamphamvu, chifukwa madzi a m'minofu amasakanikirana ndi magazi. Dzanja likazizira, lifunditseni kaye ndi kulilozetsa pansi. Sitiripi imwe kamodzi n'kudzaza, osawonjezera dontho lachiwiri pokhapokha pepala la makinawo litalola.

Pa nkhani ya tisingano ndinaumirira. Kamodzi, munthu mmodzi, kenako m'bokosi la zobaya. Chobayira chonga cholembera chija chomwe chimabwera m'bokosi la makina chinapangidwira munthu mmodzi kunyumba kwake. Ngakhale usinthe kasingano, kamutu kake kamatsala ndi magazi, ndipo kumayiko ena matenda a chiwindi a hepatitis B anafalikirapo m'malo osamalira odwala kudzera m'njira imeneyi. Kachilombo kake kamakhala ndi moyo m'magazi ouma kwa sabata yathunthu. Zobayira zoterozo tazitolera zonse. Makinawonso azipukutidwa wodwala asanafike wina, osalowetsa madzi pakabowo.

Lachitatu, 6 Novembala

Tsiku lonse ku wodi ya ana. Kuno n'kumene nambala imodzi imatha kupulumutsa kapena kutaya mwana, komanso n'kumene makina amanama kwambiri ngakhale control itapambana m'mawa womwewo.

Chifukwa choyamba ndi kuchuluka kwa maselo ofiira, chomwe ku labu timachiyeza ngati PCV. Mwana wochepa magazi, monga ambiri a malungo aakulu, magazi ake amakhala amadzimadzi, ndipo makina ambiri amawerenga mokweza. Ndiye mwana amene shuga wake watsikadi akhoza kuoneka ngati ali bwino. Khanda lobadwa kumene lili ndi maselo ofiira ochuluka, ndipo pamenepo makina amakonda kuwerenga motsitsa. Mtundu uliwonse wa makina uli ndi malire a PCV omwe umagwira bwino ntchito, olembedwa papepala lija. Tawakopera pakakhadi n'kumata pa makina aliwonse. Koyera kali ndi malire opapatiza kuposa kabuluu, ndiye tasinthanitsa: kabuluu kabwere ku ana, koyera kapite ku kiliniki ya akuluakulu.

Chachiwiri ndi kayendedwe ka magazi. Mwana wa manja ozizira, wotha madzi m'thupi chifukwa chotsegula m'mimba, kapena amene magazi sakufika bwino kumapeto kwa zala, magazi a kuchala kwake sanena zoona za thupi lonse. Pamenepo ndi bwino kutenga dontho la mumtsempha pamene mukuika kanyula. Chachitatu ndi okosijeni: masitiripi a glucose oxidase amakonda kuwerenga motsitsa okosijeni akachuluka m'magazi, pomwe a dehydrogenase sakhudzidwa nazo. Chachinayi tinachiona ndi maso. Namwino anamaliza kusakaniza dextrose, madzi a shuga operekedwa mumtsempha, magolovesi ali nyatanyata, n'kupita kukabaya mwana wa pabedi lotsatira. Tinamuimitsa asanabaye, anasintha magolovesi. Dzanja lomwe kukuyenda diripi ya dextrose nalonso si lotengapo magazi oyeza shuga.

Malire omwe timatsata ndi a WHO: pansi pa 2.5 mmol/L kwa mwana wodya bwino, pansi pa 3.0 kwa mwana wonyentchera kwambiri. Chithandizo chake ndi dextrose 10 peresenti, 5 ml pa kilogalamu iliyonse, ndi kuyezanso pakapita mphindi 30. Pakakhala ya 50 peresenti yokha, gawo limodzi lisakanizidwe ndi magawo anayi a madzi a jakisoni. Malangizo omwewo amati mwana akakomoka kapena akamagwidwa ndi linjirinjiri ndipo palibe choyezera, mumutenge ngati shuga watsika, mupereke. Ine ndawonjezera kuti makina akalemba 2.9 kapena 3.1 pa mwana wokomoka, wotuwa m'zikhatho, nambala imeneyo isakumangeni manja, poganizira zomwe tinaona pabolodi zija.

A dokotala a ku wodiko anatikumbutsa za kafukufuku wa SugarFACT, yemwe anachitikira ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre ndi kuno ku Zomba Central Hospital, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2020. Anayesa kukweza malire operekera dextrose kufika pa 5.0 mmol/L kwa ana odwala kwambiri, koma imfa sizinachepe. Mfundo ya a dokotalawo inali yakuti tisatenge dextrose ngati mankhwala a chilichonse: mwana wa shuga wotsikirapo nthawi zambiri amakhala ndi matenda aakulu kumbuyo kwake, omwe akufuna kusakidwa. Ndikugwirizana nawo. Zomwe ndikunena ine ndi za mwana amene ali pamalire penipeni, pomwe kugwedera kwa makina kokha kungamuike mbali yolakwika.

A Sista anafunsanso za amene ali pa quinine. Masiku ano malungo aakulu timayamba ndi artesunate, koma pomwe quinine wagwiritsidwa ntchito, makamaka kwa amayi oyembekezera, amakolezera insulin ndipo shuga amagwa mwadzidzidzi. Oterowo aziyezedwa pafupipafupi, ngakhale nambala yoyamba inali yabwino.

Lachinayi, 14 Novembala

Tsiku lokumbukira matenda a shuga padziko lonse. Linasankhidwa chifukwa ndi tsiku lobadwa la Frederick Banting, yemwe pamodzi ndi Charles Best anatulukira insulin ku Toronto mu 1921. Ife tinamanga tenti pafupi ndi msika n'kumayeza aliyense wofuna. Anthu anabwera ambiri, ndipo n'zomveka: kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti 5.6 peresenti ya Amalawi a zaka 25 mpaka 64 anali ndi shuga wokwera, ndipo ambiri mwa anthu otere sadziwa.

Kwa ife linali tsiku loyesa ngati zomwe taphunzitsana zagwira. Control inachitika tisananyamuke, ndipo tinabwereza masana kutatentha. Makina ndi mabotolo zinakhala m'bokosi pamthunzi, botolo limodzi lokha lotsegula patebulo lililonse. Ndowa ndi sopo zinali pakhomo la tenti, mlangizi wa zaumoyo akusambitsa anthu asanakhale pampando.

Agogo ena aakazi anayeza 9.4. Anandigwira dzanja. "Mdzukulu wanga, ndiye kuti ndili nayo?" Ndinawafunsa chomwe adya. Anati phala lothira shuga m'mawa, ndi thobwa pamsika pomwepo. Ndinati, "Agogo, apa sitinganene kanthu. Mubwere kuchipatala m'mawa musanadye chilichonse, kungomwa madzi okha, tidzayezenso." Izi ndinazibwereza kwa anzanga onse: pamsika sitipeza matenda, timangosankha oti akayezedwe bwino. Munthu amatchedwa wa shuga akayeza 7.0 mmol/L kapena kuposa asanadye, kapena 11.1 nthawi ina iliyonse ali ndi zizindikiro monga ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ndi kuwonda. Wopanda zizindikiro ayezedwe kawiri, masiku osiyana, ndipo ngati n'kotheka ku labu. Kumuuza munthu kuti ali ndi shuga chifukwa cha dontho limodzi la pamsika n'kumusenzetsa katundu wa moyo wonse popanda umboni.

Bambo wina wa njinga yakabaza makina anamulembera HI. Tinamusambitsanso, tinabwereza ndi makina ena, HI yomweyo. Pa makina athuwa HI imatanthauza kupitirira 33.3 mmol/L. Anali wowonda, milomo youma, akuti usiku sagona ndi mkodzo. Ameneyo sitinamuuze zobwera mawa, tinapita naye kuchipatala nthawi yomweyo, njinga inatsala ndi mnzake. Pambuyo pake ndinakumbutsa ophunzira kuti HI ndi LO (shuga wotsika kwambiri) si zizindikiro zoti makina awonongeka, chifukwa mmodzi anali atayamba kale kutsegula kumsana kuti asinthe batire.

Lolemba, 2 Disembala

Mvula yayamba, ndipo chinyezi chalowa m'malo mwa kutentha. Zipatala za kuseri kwa phiri tayamba kuzifikira movutikira chifukwa cha matope, ndiye makaundula awo akumatitumizira zithunzi pa WhatsApp.

Ndawerenga makaundula onse. Ku wodi ya ana ndi ku ngozi akulemba mokhulupirika, ndipo kawiri konse anagwira okha botolo lowonongeka n'kulitaya asanatiitane. Kumeneko ntchito yaima pa miyendo yake. Kwina masamba a Loweruka ndi Lamlungu ali mbee. Ndipo pali kaundula wina wokongola kwambiri: tsiku lililonse control yotsika 2.8, yokwera 16.5, cholembera chimodzi, dzanja limodzi, mwezi wathunthu. Makina enieni sachita zimenezo. Ngakhale utayesa kawiri motsatizana ndi botolo lomwelo, manambala amasiyana pang'ono. Titayang'ana m'makinawo, momwe mumasungika zoyeza zonse ndi masiku ake, control sinaoneke, ndipo kabotolo kanali kodzadza. Sitinakalipe munthu. Tinakhala pansi ndi a in-charge, ndipo zinadziwika kuti namwino amakhala yekha pa odwala onse, ndiye amadzaza kaundula poopa kuti oyendera akabwera apeza mipata. Tawauza kuti mpata wopanda kanthu timaulandira, chifukwa umatiuza zoona, ndipo tawatsitsira ku kamodzi pa sabata, Lolemba m'mawa mzere usanayambe.

Kuyang'ana m'makinamo kwavumbulanso kuti ambiri tsiku ndi nthawi n'zosokonekera, ena akuonetsa chaka chomwe anapangidwa, chifukwa mabatire akachotsedwa wotchi imabwerera poyambira. Tawakonza, ndipo tawonjezera mzere m'kaundula woti wosintha mabatire azikonzanso wotchi.

Zotsala: control yomwe inatsegulidwa kumapeto kwa Seputembala ikutha mphamvu kumapeto kwa mwezi uno, ndipo oda yatsopano sinafike. Tapempha a famase kuti control izilowa pa oda imodzi ndi masitiripi, isamakhale chinthu chokumbukira pambuyo. Tapemphanso kuti pogula kapena polandira mphatso azisankha mtundu umodzi wa makina, wa mmol/L, chifukwa a tepi yofiira akadalipo m'zipatala zing'onozing'ono. Ophunzira atsopano akufika m'mawodi mu Januwale, ndipo aliyense adzayenera kuonetsa pamaso pa a Sista kuti akudziwa kuchita control ndi kubaya chala asanapatsidwe makina. Kufananiza ndi labu tidzabwereza mu Febuluwale, malungo ali pachimake, ndipo ulendo umenewo tidzalembanso PCV ya mwana aliyense pambali pa nambala ya shuga.